Kamutu ka Pamwamba pa Mwala

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudutsa pano,
lole ya mkaka ikubangula pansi panga,
msewu wa A303 udakali ndi tulo m'maso.
Miyala ija imatulukira patali m'msipu
ngati mano otsala m'kamwa mwa munthu wokalamba,
ndipo pamenepo aliyense amaponda mabuleki,
makosi kupotoka, mafoni kusuzumira pa mawindo,
ine n'kumatukwana chamumtima:
mkaka sudikira alendo.

Lero Loweruka, Imogen wandikoka malaya.
"Munabadwira ku Amesbury komweko,
koma Stonehenge simunaionepo."
Ndimaiona tsiku lililonse, ndatero.
"Kuona mukuthamanga si kuona ayi."
Zaka zisanu ndi zinayi, pakamwa ngati loya.

Chiphaso chathu cha eni dera chinali m'dirowa,
pansi pa mabatire akufa ndi makiyi opanda chitseko.

Basi yatitsitsa. Mphepo yalowa m'jekete osaodira.
Chingwe chofika m'maondo chatiuza polekezera.
"Ndi yomweyi?" wafunsa Imogen.
"Pa chithunzi cha kusukulu inali yaikulu."
Bambo wina, mahedifoni m'makutu,
akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.
Nkhosa zafulatira miyala, zili kalikiliki ndi udzu.
Tiakhwangwala ta imvi m'khosi
tikulowa ndi kutuluka m'ming'alu, timitengo kukamwa,
lendi osalipira.

Ndaima, ndikudikira kuti mtima uchite kanthu,
monga umadikirira kuyetsemula kokana kubwera.
Zii.
Ndaganiza za tayala lakumbuyo lomwe layamba kudyeka.

Kenako mayi wina wothandiza alendo,
Thelma, malinga ndi baji ya pachifuwa,
waloza ndi ndodo yake mwala wautali uja,
umene mnzake anagwa kalekale.
"Mwakaona kamutu ako pamwamba?"
Ndakaona. Kachotupa, ngati chigongono.
"Tsopano onani wagona pansiwo. Uli ndi dzenje.
Kamutuko kankalowa m'menemo."

Apa m'pamene mphuno zanga zamva utuchi.

Bambo anga a Clifford, kalipentala wa ku Shrewton,
ankati msomali ndi ulesi wa munthu wopanda manja.
Ankasema mphako, n'kusema lilime lolowamo,
kuyesa, kuchotsa, kupala pang'ono, kuyesanso,
mpaka matabwa awiri atagwirana okha, gwa,
kenako n'kupukuta manja pa thalauza osanena kanthu.
Ndinkatopa nawo. Ndinasankha chiwongolero.

Ndiye kuti panali wina pano,
wopanda chitsulo, mwala m'dzanja kumenya mwala,
masiku angati kaya, zala zikuchucha magazi,
kusema kamutu kodzabisika
pansi pa mwala wina mpaka kalekale,
kosadzaonedwa ndi mfumu, ndi mkazi wake, ndi mbalame yomwe.
Ife tikukaona lero chifukwa ntchito inagwa.
Ikanakhala chiimire, sitikanadziwa
kuti munthuyo sankafuna zachinyengo.

Za dzuwa ndi nyenyezi anene ophunzira.
Za amene anakoka miyala kuchokera ku Wales,
nsana wanga ukuwapepesa.
Koma ine ndagwidwa ndi kachigongono ako basi.

"Bambo, mukulira?"
Ndi mphepo, ndatero.
"Ndikufuna chokoleti chotentha."
Nanenso.

Pobwerera m'basi wandifunsa ngati ndaikonda.
Ndi miyala, ndayankha, miyala basi.
Wandiyang'ana monga amachitira amayi ake
ndikanena kuti ndamwa botolo limodzi lokha.

Lolemba, folo koloko m'mawa,
nkhungu ili mbuu pa chigwa chonse,
palibe choona koma mizere yoyera ya msewu.
Pofika pamalo paja phazi langa lachoka lokha pa moto.
Wa vani kumbuyo kwanga waliza hutala,
kawiri, katatu,
ndipo ndikudziwa bwino lomwe mawu amene akunena.